Momwe mungayezere kuipa kwa madzi ndi mabakiteriya a m'matope

Ku labotale, kuyeza BOD, komwe kumasonyeza kuchuluka kwa zowola m'madzi, kumatenga masiku 5. Kachipangizo kotchedwa microbial fuel cell, komwe kamapanga magetsi pogwiritsa ntchito mabakiteriya, kamakuchenjezani m'maola ochepa. Mabakiteriya a m'matope monga Geobacter, akamadya zowola pamalo opanda okosijeni, amatayira maelekitironi (tinthu tonyamula magetsi) pa kaboni. Chakudya chikachuluka magetsi amakwera, poizoni akalowa amagwa.

Pezani kamphika kadothi kowotcha ka theka la lita kosapakidwa chilichonse, zidutswa ziwiri za carbon felt (nsalu yokhuthala ya kaboni), waya wa chitsulo cha titanium, resistor (kachida kochepetsa kayendedwe ka magetsi) ya ma ohm 1,000 ndi multimeter (chida choyezera magetsi). Waya wakopa musauike m'madzi: umadyeka, ndipo kopayo amapha mabakiteriya omwe mukuwawetawo.

Sokererani waya pa chidutswa chilichonse. Chimodzi chilowe mumphika, ndiyo anode, pomwe mabakiteriya amatayirapo maelekitironi. Chinacho chikulungeni kunja ndi kumanga zolimba kuti chigunde dothi, ndiyo cathode, yomwe imafuna mpweya. Dothi la mphikawo limalola mchere ndi chinyezi kudutsa koma limatchinga mpweya wambiri. Lumikizani mawaya awiriwo kudzera pa resistor.

Thirani matope akuda a pansi pa dambo, gawo limodzi mwa magawo anayi a mphika, nkudzaza ndi madzi osungunuliramo galamu imodzi ya sodium acetate (chakudya cha mabakiteriyawo) pa lita. Vundikirani ndi kumata mipata, kusiya timapaipi tiwiri, kolowetsera ndi kotulutsira madzi.

Apa m'pofunika kudekha. Mabakiteriya amatenga milungu iwiri mpaka inayi kuti amere pa anode. Yezani mphamvu ya magetsi pa resistor ndi multimeter n'kulemba ma millivolt tsiku lililonse, ndipo akatsika thiraninso madzi a acetate. Kachipangizo kakhwima pamene magetsi akufika pamlingo womwewo katatu motsatizana. Mukayeza msanga, kukwera kwa magetsi kudzakhala kwa mabakiteriya amene akukula, osati kwa madzi.

Tsopano tungani madzi a mumtsinje womwe mukufuna kuulondera. Gawani patatu: osasungunula, osakaniza theka ndi theka ndi madzi oyera opanda kolorini, ndi osakaniza gawo limodzi la madzi a mumtsinje ndi magawo atatu a madzi oyera. Yezani onse pa kachipangizo, ena mutumize ku labotale, ndipo jambulani mzere wofananiza ma millivolt ndi BOD. Zowola zikachulukitsitsa mzerewo umagona chifukwa mabakiteriya akhuta. Madzi otero asungunuleni kaye ndi madzi oyera.

Magetsi akagwa mwadzidzidzi musathamangire kunena kuti ndi poizoni. Onani ngati chivundikiro chikulowetsa mpweya, ngati cathode yauma kapena yakutidwa ndi mchere woyera, komanso kuzizira, chifukwa m'mawa wa mu Juni mabakiteriya amachita ulesi. Zonsezi zikakhala bwino, ganizirani zitsulo monga kopa ndi chromium, ndipo tungani madzi nthawi yomweyo kupita nawo ku labotale.

Kachipangizoka sikaona tizilombo ta kolera kapena E. coli. Madzi amene kawerenga kuti ali ndi zowola zochepa muziwathirabe kolorini kapena kuwawiritsa musanamwe.