Momwe mungapezere kapangidwe kanukanu ka mikanda m'malo mongokopera za ena

Pali nthawi imene wotunga mikanda amafika poti manja akuidziwa ntchito koma mutu wauma. Mikanda ili mbwee m'timabotolo, ulusi ndi singano zilipo, koma chilichonse chimene akutunga chikungofanana ndi cha dzulo, kapena ndi chimene anaona pa Pinterest, tsamba la zithunzi la pa intaneti. Ambiri zikatere amathamangira kukagula mikanda ina. Ine ndimaona kuti vuto nthawi zambiri limakhala kuchuluka kwa mikandayo: munthu amafuna kuti mtundu uliwonse umene ali nawo upezeke pa mkanda umodzi. Njira imene ili m'munsimu ndi yoyambira pa chinthu chimodzi chimene mwachiona ndi maso anu, n'kuchisandutsa mkanda wa m'khosi, chibangili kapena ndolo.

Sankhani chinthu chimodzi, muchiyang'anitsitse

Chikhoza kukhala phiko la gulugufe, dzimbiri pa lata lakale, khungwa la mtengo kapena kansalu kamene mumakakonda. Tiyeni titenge nkhanga. Mukaiona patali mumangoti ndi mbalame yamawangamawanga. Mukaiyandikira mupeza kuti thupi lonse ndi lotuwa moderako, timadontho toyera tili paliponse koma n'tating'ono kwambiri, kumutu kuli buluu pang'ono, ndipo kufiira kuli pa tinthu tiwiri tokha tolendewera m'mbali mwa mlomo. Chofunika kutengapo apa ndi kuchuluka kwa mtundu uliwonse poyerekeza ndi unzake. Mukatenga mikanda yakuda, yoyera, ya buluu ndi yofiira n'kuitunga mofanana kuchuluka kwake, nkhanga ija simuionanso. Koma mukatunga mikanda yotuwa moderako yambiri, n'kumaponyamo woyera umodzi apa ndi apo, kenaka pakati penipeni n'kuikapo ya buluu isanu ndi yofiira iwiri, munthu amene sanauzidwe n'komwe za nkhanga aona kuti mitunduyo yakhalana bwino.

Jambulani chinthucho pa foni, kenaka muyang'ane chithunzicho mutatsinzina pang'ono. Tinthu ting'onoting'ono timazimirira, n'kutsala mitundu ikuluikulu yokha. Lembani mtundu umene watenga malo ambiri, wotsatira, ndi umene wangooneka pang'ono.

Chotsani mikanda ina yonse pathebulo

Siyani mitundu itatu, ikachulukitsa inayi. Mabotolo enawo abwezeni m'kabati kuti asakukopeni. Ngati mtundu wachitatu ukukuvutani kusankha, kumbukirani kuti pali mitundu imene imawalitsana ikayandikana: buluu ndi olenji, wofiira ndi wobiriwira, wachikasu ndi pepo. Mitundu imeneyi ndi yamphamvu, choncho umodzi uzikhala wochepa kwambiri kuposa unzake.

Mikanda ili ndi khalidwe lina limene utoto wa papepala ulibe. Mkanda wonyezimira ndi mkanda wosanyezimira, ngakhale yonse ikhale yakuda, imaoneka ngati mitundu iwiri. Ndiye mukhoza kupanga mkanda wa mtundu umodzi wokha koma wosatopetsa m'maso, pongosakaniza yowala ndi yosawala. Mikanda ya galasi loonekera mkati imatenga mtundu wa ulusi: yachikasu mukaitunga pa ulusi wakuda imathima, pa ulusi woyera imawala. Komanso sankhani mitundu masana pafupi ndi zenera, chifukwa getsi la usiku limanamiza, makamaka pa buluu ndi pepo.

Musanayambe, pukutani mikanda ingapo ndi kansalu koyera konyowa. Ina imakhala yongopakidwa utoto kunja, ndipo ikasiya mtundu pakansaluko, dziwani kuti thukuta lidzaisukulutsa, mwinanso kuipitsa kolala ya wovalayo.

Dziwani kukula kwa mikanda yanu

Timikanda tating'ono ta galasi timagulitsidwa ndi manambala monga 6/0, 8/0, 11/0 ndi 15/0. Nambala ikamakula, mkanda umachepa: 6/0 ndi pafupifupi mamilimita 4, 8/0 ndi 3, 11/0 ndi 2, ndipo 15/0 ndi kakang'ono kwambiri moti singano wamba singalowemo. Pa 11/0 ndi 15/0 mufunika singano yopyapyala ya mikanda, ya nambala 10 kapena 12. Mikanda ya ku Japan ya makampani a Miyuki ndi Toho imadziwika ndi kufanana kukula kwake komanso mabowo aakulu, choncho ndi yabwino polukira zinthu zimene ulusi umadutsa kangapo mu mkanda umodzi. Ya ku Czech Republic, monga ya Preciosa, imakhala yobulungira ndipo imasiyanako pang'ono. Ena amainyoza chifukwa cha zimenezi, koma pa mkanda wongotunga mzere umodzi kusiyanako ndi kumene kumaupatsa moyo. Pa chitsanzo cha nkhanga chija, yotuwayo ikhale 11/0 ndipo yoyerayo 8/0, kuti madonthowo azitumphuka.

Onani za ena, koma mutengeko nzeru yake yokha

Anthu anayamba kutunga mikanda kalekale. Ku phanga la Blombos ku South Africa kunapezeka tizigoba ta m'nyanja toboola, ta zaka pafupifupi 75,000 zapitazo. Choncho palibe amene akuyambira pa chabe, ndipo kuona ntchito za ena si kuba. Chimene chimapha luso ndi kukopera mkanda wa munthu wina mkanda ndi mkanda. Mukamaona chinthu chokongola, dzifunseni kuti chikukongola chifukwa chiyani. Amayi a mtundu wa Ndebele ku South Africa amagwiritsa ntchito mikanda yoyera yambiri ngati maziko, ndipo mitundu ina imaima bwino pamenepo m'mizere ndi m'ngodya zowongoka. A mtundu wa Maasai ku Kenya ndi Tanzania amayala mizere yozungulira pa waya, mtundu uliwonse m'dera lake osasakanikirana. A Krobo ku Ghana amasinja mabotolo akale n'kuwotcha ufa wa galasiwo m'zikombole zadothi, ndipo mikanda yake imatuluka yokhakhala, yosanyezimira. Mwa zonsezi mukhoza kutengapo chinthu chimodzi, mwachitsanzo maziko oyera aja, n'kuchiika pa mitundu yanu. Zizindikiro zimene zili ndi tanthauzo kwa eni ake zisiyeni.

Yalani musanatunge

Yalani kansalu kokhuthala pathebulo kuti mikanda isagubuduke, n'kuikapo tepi yoyezera. Mkanda wogwira pakhosi umakhala masentimita 35 mpaka 40, wofika pa fupa la m'munsi mwa khosi pafupifupi 45, ndipo wolendewera pachifuwa 55 mpaka 60. Pa chibangili yezani mkono n'kuwonjezera sentimita imodzi ndi theka kapena awiri, ndipo mikanda ikakhala ikuluikulu wonjezerani kuposa pamenepo, chifukwa imadya malo mkati. Musaiwale kuti kangowe kotsekera kali ndi utali wakenso.

Yambirani pakati, chifukwa ndi pamene diso limafikira. Ikani mikanda yofunika kwambiri pamenepo, kenaka muzipita mbali zonse ziwiri. Yesani kayalidwe kowerengera, monga isanu ndi iwiri yotuwa, umodzi woyera, n'kumabwereza. Kenaka yesani kosawerengera: sakanizani yotuwa ndi yoyera m'kambale, muzingotola imene singano yakumana nayo. Kachiwirika n'kovuta kuposa mmene kamamvekera, chifukwa dzanja limafuna kukonza zinthu mwadongosolo ngakhale musanalitume. Jambulani kayalidwe kalikonse, kenaka musinthe chithunzicho chikhale chakuda ndi choyera. Ngati mikanda yonse ikuoneka yotuwa mofanana, ndiye kuti patali mkandawo udzaoneka wozizira, ndipo mukufunika kuwonjezera mtundu wowala kwambiri kapena wakuda kwambiri.

Tungani kachidutswa koyeserera

Masentimita asanu akwana. Kaikeni pakhungu, muime patali ndi kalilole, chifukwa mtundu umene umakongola pa nsalu yoyera ukhoza kuzimirira pakhungu. Pamenepa ndi pamenenso mumadziwira ngati ulusi mwasankha bwino. Mikanda yopepuka imafuna ulusi wa nayiloni kuti izigwa mofewa. Yolemera, yamiyala kapena ya galasi lokhuthala, imadula ulusi, choncho imafuna waya wa mikanda wokutidwa ndi pulasitiki. Wayayu amakhala ndi timawaya 7, 19 kapena 49 topotana mkati mwake, ndipo wa 49 ndi amene amapindika mofewa kwambiri osasiya makwinya. Wa 7 ndi wotsika mtengo, koma akangopindika molakwika sawongokanso.

Tizidutswa timeneti musamasule. Timateni m'kope, mulembe nambala ya mtundu uliwonse ndi kampani yake. Tsiku limene mutu wauma mudzatsegula kopelo n'kupeza kachidutswa kamene kanakanika pa mkanda wa m'khosi koma kangakhale ndolo zabwino.

Malizani mosamala, kenaka muvale

Pa waya, lowetsani kachitsulo kofinya (kachitsulo kabowo kogwirira waya), kenaka kangowe, bwezerani wayayo m'kachitsulomo, mufinye ndi chopanira. Musanafinye mbali yachiwiri, pindani mkandawo ukhale wozungulira monga udzakhalire pakhosi. Mukafinya uli wowongoka, mikanda imapanikizana ndipo mkanda umauma gwa. Pa chibangili cha lasitiki, mukokeni lasitikiyo kangapo musanatunge kuti asadzatanuke pambuyo pake, mangani mfundo yopota kawiri, dontheziranipo guluu pang'ono, n'kubisa mfundoyo mu mkanda wa bowo lalikulu.

Pa ndolo, waya wolowa m'khutu amakhala wokhuthala mamilimita 0.8, ndipo nsonga yake iyenera kupalidwa kuti isakande. Pewani zitsulo zosakaniza ndi chitsulo chotchedwa nickel, chifukwa anthu ambiri khungu lawo limayabwa nacho ndi kutuluka tizilonda.

Mukamaliza, valani chinthucho tsiku lonse musanachipereke kwa munthu kapena kupanga china chofanana nacho. Ngati kangowe kakumatembenukira kutsogolo, ndiye kuti kumbuyo kukulemera kuposa kutsogolo, ndipo muyenera kuwonjezera mkanda wolemera pakati kapena kupeza kangowe kopepuka. Ngati tsitsi likukodwa kapena kolala ikukokeka, fufuzani nsonga ya waya imene sinadulidwe bwino pafupi ndi kachitsulo kofinya kaja, muidule pafupi kwambiri n'kuilowetsa m'mikanda iwiri yoyandikana nayo.