Lapbook: kafoda kophunziriramo mwana, osati kokongoletsa nyumba

Mayi wina wa ku Rosettenville, kuno ku Johannesburg, amene amaphunzitsa ana ake pakhomo, anandionetsa lapbook yokongola kwabasi. Zithunzi zodulidwa mowongoka, zilembo zoima ngati zosindikiza. Nditamufunsa mwana wawo wa zaka 6 kuti, "Iwe, pansi pa kachitseko aka pali chiyani?" iye anangotembenukira kwa amayi ake, kukamwa pululu. Mayiwo ndi amene anachezera usiku kuipanga, mwana ali mtulo. Makolo anzanga, vuto lalikulu pa ntchito imeneyi ndi lomweli, ndipo ambiri timagwamo chifukwa cha chikondi.

Kwa amene simunaionepo, lapbook ndi foda ya pepala lolimba imene mkati mwake mumamatidwa timabuku, timatumba ndi tizitseko totsegula, zonse zokamba mutu umodzi. Mwana amaiika pamiyendo n'kumavundukula. Mafoda amagulitsidwa m'masitolo a zolembera, koma katoni ya Jungle Oats kapena ya Weet-Bix yotambasulidwa imagwiranso ntchito. Itambasuleni patebulo, kenaka pindani mbali zonse ziwiri kuti zikumane pakati ngati zitseko za kabati. Basi, nyumba yatha. Chatsala ndi katundu wa m'nyumbamo. Mufunika sizasi yosasongoka, guluu ngati Pritt, makrayoni, maenvulopu akale ndi mapepala otsatsa malonda amene amatiponyera pageti aja. Ena amaphika phala la fulawa kuti likhale guluu. Limamata ndithu, koma m'mafulati athuwa mphemvu zimadya phalalo n'kuononga lapbook, ndiye ine sindilimbikitsa.

Mutu ukhale waung'ono ndiponso wapafupi ndi mwana. "Nyama zonse za mu Africa" ndi mtolo wosasenzeka kwa mwana wa Grade 1. Koma tulutsani ndalama m'chikwama: pa R10 pali chipembere, pa R20 njovu, pa R50 mkango, pa R100 njati, pa R200 kambuku. Nyama zisanu, tizitseko tisanu. Kunja mwana ajambule nyamayo, mkati alembe dzina lake m'Chichewa ndi m'Chingerezi. M'kathumba ka pambali aikemo timapepala timene wadindapo makobidi a R1, R2 ndi R5 pokhutiza pensulo pamwamba pake, ndipo masamu owonkhetsa alowera pomwepo osamva kuwawa.

Mutu umene ndimaukonda kwambiri ndi wa ulendo wopita kumudzi. Ana athu ambiri anabadwira kuno ku Johannesburg, Malawi amangomumva pa foni agogo akaimba. Dulani pepala lalitali, mulipinde uku ndi uku ngati akodiyoni, khwinya lililonse likhale malo amene basi imadutsa: Park Station, Polokwane, Musina, mlatho wa Beitbridge pa mtsinje wa Limpopo, Harare, chipata cha Nyamapanda, mlatho wa pa Zambezi ku Tete, mpaka kulowa pa Mwanza. Akalitambasula, msewu wonse uli m'manja mwake. Awerenge yekha maiko anayi, apake mbendera zake, ya kwathu ndi dzuwa lofiira pa chakuda. Envulopu imodzi ikhale ya mawu a kwa agogo: nkhokwe, mtondo, lichero, chitsime. Mawu amenewa sadzawamva m'misewu ya Yeoville, choncho muwatumizire uthenga agogowo ajambule zinthuzo pa WhatsApp, mwana aone n'kujambula yekha. Lichero likaoneka ngati tayala la minibasi, lisiyeni choncho.

Musathamange. Kabuku kamodzi patsiku, mphindi 15 kapena 20, n'kokwanira kwa mwana wa zaka 5 mpaka 8. Yambani ndi kukamba, kuwerenga kapena kuona chinthucho, kudula ndi kumata kubwere pambuyo. Tizidutswa tomalizidwa tisungidwe m'kajumbo, ndipo mudzamate tonse tsiku lomaliza, sabata imodzi kapena ziwiri zikatha, mwanayo akusankha yekha poika. Amene sanayambe kulemba anene ndi pakamwa, inu mulembe mawu ake enieniwo, osawakonza kuti amveke ngati a aphunzitsi. Ntchito yanu ndi kupinda pamene palimba ndi kuyang'anira sizasi. Kudula kokhotakhotako ndiko kumalimbitsa zala zimene mawa zigwire pensulo.

Ikatha, musaitsekere m'sutikesi. Madzulo bambo kapena amalume akaweruka, mwana akhale nawo pansi awafotokozere kachitseko ndi kachitseko. Pamenepo ndi pamene mudziwe zimene zalowa m'mutu ndi zimene zangomatidwa ndi guluu.

Pali mbali ina imene anzathu ambiri saidziwa. Kuno ku South Africa kuphunzitsa mwana pakhomo n'kololedwa, koma lamulo la South African Schools Act la 1996 limafuna kuti mwanayo alembetsedwe ku dipatimenti ya maphunziro ya chigawo chimene mukukhala, ndipo kwa ife ndi Gauteng Department of Education. Kuyambira pamene lamulo la BELA, losintha malamulo a maphunziro, linasainidwa mu 2024, Grade R, kalasi imene mwana amalowa asanayambe Grade 1, nayo ndi yokakamiza. Kholo limayenera kusunga ntchito za mwana ngati umboni wa mmene akupitira patsogolo. Lapbook imathandiza pamenepa mukalemba kuseri kwake dzina la mwana, tsiku loyamba ndi lomaliza, ndi phunziro limene yakhudza. Silabasi ya CAPS, imene sukulu za boma kuno zimatsata, kuyambira Grade R mpaka 3 imayendera zilankhulo, masamu ndi Life Skills (maluso a moyo wa tsiku ndi tsiku), ndipo lapbook ya ulendo ija yakhudza zitatu zonsezi. Komabe isakunamizeni kuti yalowa m'malo mwa kuwerenga mokweza tsiku ndi tsiku kapena kope la masamu. Zimenezo zipitirire.

Posunga, ziimikeni m'katoni ya nsapato yaikulu pamwamba pa wadirobu, kutali ndi khoma lachinyontho la nthawi ya mvula komanso ndi hita ya mu June. Kachitseko kakathothoka, mupatseni mwiniwake guluu amatenso.