Mukamatenga ana kukaona mitengo, asamangobwera ndi maina m'kope

Aphunzitsi ndi a komiti ya sukulu kuno ku Mangochi, nkhani yotenga ana kukaphunzira zomera panja ija ndaona kuti ambiri mumaikonda koma kachitidwe kake ndiye kamavuta. Ana 80 aima mzere padzuwa, wamkulu mmodzi akuloza uwu ndi mlambe uwu ndi bwemba, iwo akulemba, kenako kujambulitsa pafoni basi kubwerera. Pakatha sabata mufunse mwana kuti tsamba la bwemba ndi lotani, angokuyang'anani.

Ena amaganiza kuti mpaka apeze ndalama ya minibasi kupita ku botanic garden (munda wosungirako zomera zamitundumitundu) ya ku Zomba, kapena ku Cape Maclear komwe kuli Lake Malawi National Park ija inakhazikitsidwa mu 1980. Ngati thumba likulola pitani ndithu, nsomba za mbuna zili m'madzi momwemo ana sazaziiwala. Koma ulendo wotere ndi kamodzi pachaka mwinanso osatheka, pomwe mtengo umafuna kuuona kangapo kuti uudziwe. Ndiye pezani malo apafupi oyenda wapansi, kaya ndi bwalo la anthu onse lomwe lili ndi mitengo, kaya nkhalango ya mudzi, mukapemphe kwa amfumu kapena oyang'anira malowo tsiku lisanafike.

Nthawi yake ikhale m'mawa 10 koloko isanakwane, kutentha kwa kuno mukukudziwa makamaka Okutobala ndi Novembala, ndipo madzi akumwa musaiwale. Lachisanu lipeweni poti ana ambiri amathamangira ku mzikiti masana.

Mukafika agaweni m'magulu a ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, gulu lililonse mtengo wake umodzi, ukhale wawo chaka chonse. Augwire khungwa, anunkhize tsamba, aujambule m'kope, ayeze thunthu ndi chingwe, aone kuti pansi pake pamera chani nanga mbalame zikubwera ndi ziti. Dzina musafulumire kuwauza, afunseni kaye kuti kwanu mumautcha chani, ena anena m'Chiyao ena m'Chichewa, zonse zilembedwe. Homuweki ikhale yokafunsa agogo ntchito ya mtengowo. Za mlaza wolukira mikeka ndi madengu anawa amazidziwa kuposa ife, kungoti palibe amawafunsa.

Mtengo umene ine ndimaukonda pophunzitsa ndi msangu chifukwa umachita zosemphana ndi inzake. Mitengo ina ikamayoyola masamba m'chilimwe iwo uli biriwiri, mvula ikagwa inzake ikuphukira iwo ndiye umayoyola, chimanga cha pansi pake chimapeza dzuwa komanso masamba aja amasanduka manyowa. Izi mutha kuzilemba pa bolodi kakhumi mwana osamva, koma akauona mu Okutobala nkudzauonanso mu Januwale uli mbee amafunsa yekha kuti sala, wauma kodi? Apo ndiye phunziro layamba. Nchifukwa chake ndikuti muzibwerera pa mtengo womwewo teremu iliyonse.

Chenjerani ndi nkhadze, utomoni wake ukalowa m'maso ndi nkhani ya kuchipatala, chitedzenso muwaonetse ali patali. Mu mphako za milambe mumakonda kukhala njuchi, asamaponyemo miyala. Ndipo ngati malowo ali m'mbali mwa Shire kapena Malombe mwana asatsikire kumadzi, ng'ona sizidziwa yunifomu.

Pobwerera atoleko nthanga zogwa pansi mukayambitse nazale pasukulu. Nthanga ya msangu ndi yolimba chikopa, muidule pang'ono kumphepete ndi nelikata, mbali yosakhala kumene kumatulukira muzu, muinyike m'madzi usiku umodzi kenako mufese. Machubu ofeseramo akasowa timapepala ta shuga timagwira ntchito bola mutiboole pansi, dothi losakaniza ndi mchenga ndi manyowa owolerana bwino. Msangu umathamangitsa muzu pansi ndiye musamaufese msanga, kumapeto kwa Okutobala kuli bwino, ndipo machubu muziwanyamula sabata iliyonse kuti muzu usalowe m'nthaka. Nyengo yodzala mitengo imayamba pa 15 Disembala mpaka 15 Epulo, koma inu dikirani mvula ikhazikike, osati tsiku la pa kalendala.

Pomwe zimafera zambiri ndi pa holide ya Disembala. Sukulu yatseka, palibe wothirira, mbuzi za m'mudzi zalowa, potsegulira mupeza machubu okhaokha. Ine zinandichitikirapo pa sukulu ina, mbande zonse zinatha sabata imodzi ndipo ana aja anakhumudwa kwabasi. Ndiye musanatseke tchingani nazale ndi minga, lembani maina a ana okhala pafupi kuti azisinthana kuthirira, ndipo kholo limodzi la mu komiti lisunge kheni.