Mukamakonza paki ya ana, yambani mwafunsa kuti mtengowo udzafika pati

Mphwanga wachita lendi bwalo lalikulu ku Hatfield mu Harare muno ndipo akufuna kutsegulapo kapaki ka ana: makatungwe, jumping castle, kadziwe kosambira, ndi pokhala makolo akamadikira nyama yowotcha. Lamlungu lapitali anabwera kwathu ku Mufakose ndi pepala lomwe wajambulapo malowo.

"Amalume, taonani. Mitengo ndiika apa, apa ndi apa."

Mtengo uliwonse unali kadontho kofanana ndi njere ya nandolo, pomwe jumping castle inatenga theka la pepala. Ndinamuuza kuti watembenuza zinthu. Chofufumacho chidzang'ambika iye asanabweze ngongole, koma kadontho kamene waika pafupi ndi chimbudzi kadzakhala kakugwetsa khoma mwana wake akulowa sekondale.

Bambo anga anachokera ku Ntcheu nthawi ya chitaganya nkudzagwira ntchito m'magadeni a ku Avondale. Khasu lawo ndi lomwe ndinatola ine, ndipo zaka zanga zambiri zathera pamalo ena osangalalira kunja kwa tauni, kuyambira pothirira maluwa mpaka kukhala kapitawo wa bwalo lonse. Zimene ndinamuuza mphwangayo ndazilemba pano, poti ambiri mwa inu mwayamba bizinesi yomweyi.

Paki ili ndi zinthu zitatu zomwe sizikalamba limodzi. Zoseweretsa zimakhala zokongola tsiku lotsegulira, kenako zimangonka zisuluka. Magetsi amasintha mtundu pakapita zaka zingapo, mufune musafune. Mitengo ndiye imayamba ili yonyozeka, nkudzakhala mwini malo pambuyo pake. Choncho pojambula mapulani yambani ndi chochedwa kusinthacho, zinazo zipeze malo pozungulira.

Tengani chingwe ndi zikhomo mupite pabwalopo. Pamene mukufuna kubzala mtengo wa mthunzi khomani chikhomo, muyeze mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, muzungulire mukulemba mzere pansi. Bwalo limenelo ndi la mtengo. M'kati mwake musakumbemo dziwe, musadutsitsemo mapaipi a kuchimbudzi, musamangemo khoma. Benchi ikani, chifukwa benchi imanyamulika. Mukachita zimenezi kawirikawiri mupeza kuti pamene munkafuna mitengo khumi ndi iwiri pakukwana isanu basi.

Ndiye mtengo wanji? Kuno aliyense amathamangira jakaranda. Sindikumuda munthu, chifukwa mukadutsa mu Leopold Takawira kapena pa Africa Unity Square mu Okutobala mtima umachita kufewa. Koma walira mvula walira matope. Maluwa aja akayoyoka amadzaza njuchi, ndipo ana m'paki amayenda opanda nsapato. Akanyowa ndi mvula yoyamba amaterera ngati therere. Ife tinali ndi jakaranda pambali pa dziwe losambira, wobzalidwa ine ndisanalembedwe ntchito, ndipo chaka chilichonse ndinkakhala milungu ingapo ndikuvuula maluwa m'madzi m'mawa uliwonse, sefa ya pampu ikutsekeka masana asanakwane. Ngati mukumufuna, mubzaleni ku geti kapena koimika magalimoto, anthu azimuona ali patali.

Pamene ana amasewera ine ndimakonda msikidzi. Masamba ake sayoyoka onse nthawi imodzi, mthunzi wake ndi wothithikana, ndipo Okutobala akafika poipa umakhala uli wobiriwira. Mbawa ndi yabwinonso koma imakula kwambiri, imafuna malo otakasuka. Mkuyu ndi abale ake muwatalikitse ku chilichonse cha simenti, mizu yake imanunkhiza madzi ili kutali. Bulugamu ayi: amamwa madzi onse ndipo amagwetsa nthambi popanda chenjezo. Nkhadze, indya ndi oleander zisapezeke nkomwe pomwe pali ana, chifukwa utomoni wa nkhadze umawononga maso ndipo zinazo ndi poizoni zikalowa m'kamwa. Ngati pabwalopo mwapeza msasa wachilengedwe, chonde musaudule kuti muikepo mtengo wa ku nazale. Umachedwa kukula moti simudzaubwezeretsa muli moyo, ndipo masamba ake ofiira a mu Ogasiti ndi Seputembala ndi chokongoletsa chomwe simulipira kalikonse.

Mthunzi muuike kumadzulo kwa malo osewerera. Dzuwa lopweteka ndi la masana kupita kumadzulo, nthawi yomwenso paki imadzaza. Chotsetserekapo ana chachitsulo chiyang'ane kummwera ngati nkotheka, poti kwathu kuno dzuwa limakhalira kumpoto miyezi yambiri. Ndinaonapo mwana akudzuka pa chitsulo chotere akulira, ntchafu zitafiira, mayi ake akundiyang'ana ngati ndine ndinasonkhezera moto.

Zaka zoyambirira pabwalo pamakhala mbee, ndipo apa ndi pomwe eni malo ambiri amataya mtima nkubzala mothithikana. Ngakhale mapaki otchuka anayamba choncho. Disneyland itatsegulidwa ku Anaheim, California, pa 17 Julaye 1955, malowo anali atangochoka kumene kukhala minda ya malalanje. Bill Evans, yemwe ankayang'anira zobzala, ankapulumutsa mitengo ikuluikulu pamalo omwe ankalambula misewu yatsopano nkudzaiwokera m'pakimo. Pa Jungle Cruise, pomwe alendo amayenda pa boti m'nkhalango yochita kupanga, anafika pobzala mitengo ya malalanje chozondotsa, mizu m'mwamba, kuti izioneka ngati ya m'nkhalango. Ndalama zitaperewera, zitsamba zongomera zokha anaziika timapepala ta maina a Chilatini kuti alendo aziyesa ndi zobzala. Lero pamalopo pali nkhalango yeniyeni. Nanunso bzalani zogwirizira: nthochi, mapapaya, nsungwi za m'miphika, mpendadzuwa m'mbali mwa mpanda. Koma mulembe m'buku kuti izi ndi zodzachotsa, ndi chaka chodzachotsera. Mukapanda kulemba mudzazimvera chisoni, zidzapanikiza msikidzi wanu nkuupindika.

Kapinga ndiye musamukhulupirire. Kapinga wa kikuyu amafuna dzuwa ndi madzi. Pomwe lero wamera bwino, mitengo ikadzakumana m'mwamba padzatsala dothi lokhalokha, ndipo kuthira feteleza sikudzathandiza. Nthawiyo ikafika musalimbane naye. Pansi pa mtengo yalani njerwa popanda simenti, kapena timiyala, kuti madzi azilowabe, muikepo matebulo. Malo amene anali othamangirapo ana amasanduka okhalapo agogo, ndipo palibe cholakwika. Kumbukiraninso chisanu cha Juni ndi Julaye: Harare ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,500, ndipo m'malo otsika cha kudambo mbande zimapsa usiku umodzi. Zaka ziwiri zoyamba muzizifunditsa udzu. Madzi a m'mipopi musawadalire okha. Ngati palibe chitsime chobowola, chomwe anzathu kuno amati chibhorani, chepetsani kapinga muchulukitse aloe ndi zina zopirira. Pitani ku munda wa maluwa wa Ewanrigg nthawi yozizira mukaone momwe aloe amayakira maluwa, kapena ku National Botanic Garden ku Alexandra Park mukaone msinkhu weniweni wa mtengo musanaugule uli m'chubu.

Za magetsi ndiyambe ndi manyazi anga. Tsiku lina ndinatuma mnyamata kukumba dzenje la mtengo pafupi ndi kanjira. Piki inangomveka thi, kenako phuu, utsi. Mwamwayi chogwirira chinali chamtengo ndipo mnyamatayo anangogwa chagada ndi mantha. Waya uja anakwiriridwa kalekale wopanda paipi, ndipo amene ankadziwa njira yake anali atapuma ntchito nkubwerera kwawo ku Dedza. Theka la paki linakhala mumdima Loweruka lonse.

Ndiye inu waya aliyense wa pansi alowe m'paipi, pamwamba pake muyale tepi yochenjeza musanakwirire, ndipo mujambule chithunzi ngalande isanatsekedwe, mutaimika munthu pafupi ndi chinthu chosasuntha ngati ngodya ya nyumba. Ikaninso paipi ina yopanda kanthu pambali pake, muli chingwe chokokera. Lero ioneka ngati kutaya ndalama. Koma ine m'moyo wanga ndasintha nyale za pamalo amodzi kanayi: mababu akale otentha aja, machubu aatali, timababu topindika tosunga magetsi, kenako LED. Panabweranso makamera ndi zokuzira mawu zomwe palibe anaziganizira poyamba. Nthawi iliyonse tinkaswa kanjira komweko. Ntchito yolumikiza ku magetsi aakulu musiyire wamagetsi wa mapepala ake, ndipo nyale zomwe ana angazigwire, za m'maluwa ndi za pafupi ndi madzi, zikhale za mavoti 12.

Pogula LED yang'anani manambala awiri pa katoni. Yoyamba ndi ya mtundu wa kuwala. 6500K ndi yoyera mbuu ngati ya m'chipatala. Nkhope za anthu zimaoneka zodwala, nyama yowotcha imaoneka yotuwa, ndipo mvula yoyamba ikagwa ngumbi ndi tizilombo tonse ta ku Hatfield tidzasonkhana pa tebulo la kasitomala. 2700K kapena 3000K ndi yofiirira ngati ya nyali, ndiye ya pokhala anthu. Yoyera ija ipite koimika magalimoto, kutali, ikakokere tizilombo kumeneko. Nambala yachiwiri ndi IP65, kusonyeza kuti fumbi ndi madzi a mvula sizilowa.

Nyale ndi mitengo zimalimbana, ndipo wopambana amadziwika. Nyale ya pa mlongoti wautali imawala bwino mitengo ili yaing'ono. Ikakula, nyaleyo imaunikira mbalame, pansi pali bii. Choncho m'tinjira ikani nyale zazifupi zofika m'chiuno, ndipo mtengo ukakula muuunikire kuchokera pansi. Timagetsi ta Khirisimasi tozengereza pa thunthu muzitimasula chaka chilichonse. Tinaiwalapo kamodzi kwa zaka zitatu, waya analowa m'khungwa, nthambi yonse inauma. Misomali pamtengo ayi.

Amene munali kuno mu 2019 mukukumbukira magetsi akuzima mpaka maola 18 patsiku madzi atachepa ku Kariba. Kuyambira pamenepo ine ndimati nyale za m'njira, za kuchimbudzi ndi za pa geti zikhale pa sola payokha, zosadalira china chilichonse. Mdima ukagwa mwadzidzidzi pali ana makumi asanu, chofunika ndi chakuti mayi aliyense aone pomwe akuponda. Mapanelo muwaike pomwe mthunzi wa mitengo ija sudzafika, poyang'ana mabwalo munalemba ndi chingwe aja, osati momwe kumwamba kukuonekera lero.

Zoseweretsa sindichulutsapo mawu, chifukwa zimene zili m'fasho chaka chino mukuzidziwa kuposa ine. Langizo langa ndi lakuti musadzaze bwalo. Siyani gawo limodzi mwa magawo atatu lili lopanda kanthu, lathyathyathya, lofikika ndi lole, pafupi pali magetsi ndi madzi. Onani a Luna Park, aja oyendayenda ndi zoseweretsa, pa chionetsero cha zaulimi ku Exhibition Park kumapeto kwa Ogasiti: amabwera, amamanga, amaphwasula, bwalo nkutsala. Chilichonse chachikulu chimangidwe ndi mabawuti pa maziko, osati kumizidwa mu simenti, kuti tsiku lochichotsa musadzabwereke zida zoswera miyala. Dzimbiri limayambira pomwe chitsulo chakumana ndi dothi ndiponso m'maunyolo a katungwe pamwamba pomwe palibe amayang'ana. Chiswe chimadya mtengo m'kati penti ili bwinobwino kunja, ndiye muzigogoda ndi hamala mumve kulira kwake. Penti ndi girizi ndi ntchito ya Meyi mpaka Julaye, mvula itatha, tchuthi cha Ogasiti chisanafike.

Paki imatha kufa ndithu. Ratanga Junction ya ku Cape Town inatsegulidwa mu 1998 nkutsekedwa mu 2018, malowo anamangapo zina. Koma Tivoli ya ku Copenhagen yakhalapo kuyambira 1843, ndipo sitima yake yokwera ndi kutsika panjanji yamatabwa, ya mu 1914, ikunyamulabe anthu pakati pa zatsopano. Gold Reef City ku Johannesburg anaimanga pa mgodi wakale wa golide nkusunga nsanja ya mgodiwo. Nanunso musankhe chinthu chimodzi chomwe simudzachotsa ngakhale chitatha fasho. Funsani aliyense wokulira mu Harare za Greenwood Park, ayamba ndi kasitima kaja. Pamalo pomwe ndinkagwira ntchito panali ng'ona ya simenti, yoipa nkhope, mchira wothothoka. Bwana watsopano atalamula kuti tiiswe, ndinapempha kuti ayambe wakhala pa geti Loweruka limodzi. Anaona yekha abambo a ndevu zawo akukweza ana pamsana pa ng'onayo nkumajambula, akunena kuti nawonso anakhalapo pomwepo. Tinangoipaka penti.

Ntchito yotsiriza ndi yosavuta koma ndi imene anthu amaiwala. Sankhani malo anayi, mukhomepo chikhomo chachitsulo, ndipo chaka chilichonse muziima pomwepo nkujambula kawiri, masana ndi usiku, mu Okutobala ndi mu Febuluwale. Maso a munthu wokhala pamalo tsiku ndi tsiku saona kuti nthambi yaphimba nyale, kuti kanjira kasendera chifukwa anthu adzipangira kachidule, kapena kuti mtundu wofiira wa katungwe wasanduka wotuwa. Zithunzi ziwiri zikagundizana zimaulula zonsezo. Kachidule ka anthu kaja musakatseke ndi minga. Yalanipo njerwa, ndiye njira yeniyeni.

Mphwanga anapinda pepala lake nkundifunsa kuti, "Ndiye amalume, ndiyambe ndi chiyani? Ndalama ya jumping castle ndalipira kale."

Ndinamuuza kuti Loweruka adzanditenge m'mamawa, abweretse chingwe cha mamita makumi awiri, zikhomo ndi laimu wolembera pansi. Maenje tikumba mu Okutobala, tithiremo manyowa akhale akuwola, mbande za msikidzi zidzalowe mvula ikakhazikika kumapeto kwa Novembala. Chimbudzi chija tachisuntha kale papepala, chapita kungodya ya kummawa.