Momwe mungayerekezere galimoto zaliwiro musanagule, ngati mumakhala kuno ku chigwa cha Shire

Anyamata ambiri amene zinthu zayamba kuwayendera kuno kwathu, kaya ndi a malonda a ng'ombe ku Ngabu, a nzimbe ku Nchalo kapena ogwira ntchito m'mabungwe ku Nsanje, akafuna galimoto yaliwiro amayambira pa foni. Amaonera mavidiyo a Subaru ikupikisana ndi Mitsubishi, n'kuloweza kuti iyi imafika pa liwiro la 100 m'masekondi angati. Manambala amenewo sanama, koma anayesedwa pamsewu wosalala, kunja kukuzizira, m'thanki muli petulo wapamwamba. Kuno zitatu zonsezo n'zosowa. Ine galimoto zimenezi ndimazikonda ndipo imodzi ndili nayo, n'chifukwa chake zimandipweteka kuona galimoto yokongola itakhala miyezi pansi pa mtengo wa masawu ikudikira sipeya. Tsatirani ndondomeko iyi musanatulutse ndalama.

1. Yambani ndi misewu yanu, galimoto ibwere pambuyo

Tengani pepala mulembe malo amene mumapitako mwezi uliwonse. Ngati ulendo wanu ndi wa pa M1 basi, kuchokera ku Bangula kapena ku Nchalo kukafika ku Blantyre, muli ndi zambiri zoti musankhepo. Koma ngati kwanu ndi kutsidya la kum'mawa kwa Shire, cha ku Makhuwira, Masenjere kapena Muona, kapena kuti mukafike pakhomo mumadutsa m'dothi la makande, dziwani kuti nthawi ya dzinja galimoto yotereyi izigona kwina. Ikhale yachiwiri pakhomo, osati yokhayo.

2. Yesani mpata wa pansi

Toyota 86 ili ndi mpata wa mamilimita pafupifupi 130 kuchokera pansi, pamene Hilux imadutsa 200. Nissan Fairlady Z, imene ena amaitchula 350Z, nayonso ndi yotsika chomwecho, ndipo mphuno yake ndi yaitali, moti imayamba kukhudza bampa matayala asanakwere hampu. Subaru WRX STI ndi Mitsubishi Lancer Evolution zinachokera ku mpikisano wa m'misewu yafumbi, choncho zimapirirako, pokhapokha ngati mwini wake wakale sanazitsitse. Zambiri zochokera ku Japan zimabwera zitatsitsidwa kale. Musadalire za m'buku: gwadani ndi tepi muyeze nokha pansi pa bampa ndi pakati pamene padutsa paipi ya utsi. Kenako mukaikweze pa mahampu a pa Dyeratu muli anthu awiri kapena atatu m'katimo, mumve ngati ikukhula.

3. Funsani kuti kutentha imathana nako bwanji

Apa ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo, chifukwa ndi pamene injini zambiri zimafera. Mu Okutobala ndi Novembala kuno kumatentha kudutsa madigiri 40. Injini ya turbo imapanikiza mpweya isanaulowetse m'kati, ndipo mpweya wopanikizidwa umatentha, n'chifukwa chake pamakhala intercooler yoti iuziziritse. Pa Subaru WRX STI intercooler ili pamwamba pa injini, pansi pa kabowo ka pa boneti kaja. Galimoto ikamathamanga mphepo imalowa bwinobwino, koma mukaima pa rodibuloko kapena pamzere wa mafuta dzuwa lili paliwombo, kutentha kwa injini kumakwera n'kuiwotcha intercooler yomweyo. Mukangochoka pamenepo n'kuponda mafuta mwamphamvu, injini imameza mpweya wamoto, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene mapisitoni amavulala. Pa Evolution ndi pa Volkswagen Golf GTI intercooler ili kutsogolo, kotero vutoli ndi lochepa, ngakhale kuti kumeneko imakumana ndi miyala ndi matope.

Injini zopanda turbo, monga 2.0 ya Toyota 86 ndi mnzake Subaru BRZ, kapena V6 ya 3.5 ya Fairlady Z, zilibe nkhawa imeneyi. Mphamvu ya 86 ndi yocheperapo, pafupifupi 200 horsepower, pamene STI ndi Evolution zambiri zili ndi 280 kupita m'mwamba. Koma 200 imene mungaigwiritse ntchito masana aliwonse popanda mtima kukhala m'mwamba ndi yaphindu kuposa 300 yoti muzidikira kuti kuzizire.

Pa galimoto iliyonse imene mukuiona, tsegulani boneti injini ili yozizira. Madzi a mu radiyeta akhale amtundu wa coolant, obiriwira, abuluu kapena ofiirira, osati madzi a pamjigo a dzimbiri. Yang'anani pamwamba pa radiyeta, papulasitiki paja: ngati pasanduka pa khofi ndipo pali timing'alu, yatsala pang'ono kuphulika. Kenako ilizeni, muyatse AC, muisiye itaima padzuwa mphindi 20. Mafani onse azizungulira ndipo singano ya kutentha isasunthe pakati. Wogulitsa akakana mayeso amenewa, tsanzikani.

Mazda RX-8 ndiitchule payokha. Injini yake ya rotary ilibe mapisitoni, imatentha kwambiri, ndipo inapangidwa kuti izidya oilo pang'onopang'ono. Ikatha mphamvu m'kati imavuta kulira ikakhala yotentha. Imakoma kuyendetsa ndipo mtengo wake umakopa, koma kuno sindingamulimbikitse mbale wanga kuigula.

4. Onani petulo amene injiniyo imafuna

Ku Japan galimoto zambiri zaliwiro zimamwa petulo wa octane yokwera, pafupifupi 100 (octane ndi muyezo wa mmene petulo amapirira kupanikizidwa osaphulika nthawi isanakwane, kumene kumagogodetsa injini). Pa mapampu athu petulo ndi wamtundu umodzi, ndipo ndi wosakaniza ndi ethanol, ena mwa iye wopangidwa konkuno ku Chikwawa ndi PressCane kuchokera ku molasesi wa nzimbe za ku Nchalo. Injini zamakono zili ndi kachipangizo komva kugogoda kwa m'kati, ndipo kompyuta imachepetsa mphamvu kuti injini isawonongeke. Vuto limabwera pa galimoto imene wina anaisintha kompyuta kuti iziponya moto wambiri, chifukwa chitetezo chija chimakhala chachepa. Mukaona mageji oonjezera pa dashibodi, paipi ya utsi yaikulu ndi fyuluta ya mpweya yapoyera, funsani bwino zimene zinasinthidwa. Fyuluta yapoyerayo pa fumbi lathu ndi poizoni.

Apa Toyota Mark X ili ndi mwayi wake. Si galimoto yampikisano kwenikweni, koma imakoka ndi matayala akumbuyo, ndipo ya 2.5 imene inayamba kutuluka mu 2009 inapangidwa kuti izimwa petulo wamba, ili ndi 203 horsepower. Ya 3.5 ili ndi 318, koma imafuna petulo wapamwamba uja.

Petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu musamuyandikize n'komwe. Mafuta akasowa, galimoto iyi igone.

5. Pezani makaniko musanapeze galimoto

Pitani kwa amakaniko amene mumawadalira muwafunse mosabisa: "Bambo, injini iyi munaitsegulapo?" Injini ya Subaru ndi yogona, masilinda ake ali cham'mbali, moti ngakhale kusintha mapulagi kumafuna munthu woidziwa. STI ndi Evolution mpaka ya nambala IX zimayendera lamba wa timing amene amasinthidwa pafupifupi pa makilomita 100,000, ndipo akaduka mavalavu amapindika. Toyota 86 ndi Fairlady Z zili ndi tcheni. Golf GTI ya giyabokosi ya DSG, yosintha magiya yokha, imafuna oilo wake wapadera pa makilomita 60,000 alionse komanso makina a kompyuta oonera mavuto, zimene nthawi zambiri zimatanthauza ulendo wa ku Blantyre.

Lembani zinthu zisanu izi: mabuleki, kalachi, radiyeta, shock imodzi ndi tayala limodzi. Yendani m'mashopu a masipeya ku Limbe ndi ku Ndirande mufunse mtengo wa chilichonse pa galimoto zimene mukuyerekeza, komanso ngati chilipo pashelefu kapena n'choyitanitsa. Mitsubishi inasiya kupanga Evolution mu 2016, ndipo mudzaona nokha kuti zambiri zake n'zodikira kuchokera kunja.

Za matayala, kumbukirani kuti WRX STI ndi Evolution zimakoka ndi onse anayi, choncho onse ayenera kukhala ofanana kukula ndi kutha kwake. Limodzi likang'ambika pa dzenje, kuika latsopano pakati pa atatu akutha kumavutitsa ma diff, zipangizo zogawira mphamvu ku matayala. Fairlady Z ili ndi matayala akumbuyo aakulu kuposa akutsogolo, simungawasinthanitse. Tsegulaninso buti: zina zimabwera popanda tayala lapadera, muli kabotolo komatira basi, ndipo kabotoloko sikangakuthandizeni tayala likang'ambika m'mbali pakati pa Ngabu ndi Bangula usiku.

6. Kaiyeseni pa mtunda wa Thabwa

Tili ndi malo oyesera galimoto abwino kwambiri. Kuchokera pa mlatho wa Kamuzu, kudutsa pa Thabwa kukwera phiri kulowera ku Blantyre, msewu umakwera mamita mazanamazana m'makona okhaokha. Pokwera, tsitsani galasi mumvetsere. Phokoso longa timiyala tikugubuduka m'chitini pamene mwaponda mafuta ndiko kugogoda kuja. Onani singano ya kutentha, ndipo ngati liwiro la injini likukwera galimoto osaonjezera kuthamanga, kalachi yatha. Potsika, gwiritsani ntchito giya yotsika. Buleki ikayamba kulowa pansi mofewa, mafuta a mabuleki ndi akale ndipo awira. Amayenera kusinthidwa zaka ziwiri zilizonse. Chiwongolero chikamanjenjemera pogwira buleki, ma disc apindika.

Chonde, mayeso amenewa si mpikisano. M'makona amenewo mumadutsa malole olemera ndi njinga za makala, ndipo kumunsi kuno M1 ndi ya ng'ombe, ngolo, akabaza, mathirakitala ndi ana asukulu. Malo owongoka a pakati pa Nchalo ndi Ngabu amanyenga. Ng'ombe imodzi yotulukira madzulo ndi yokwanira kuthetsa galimoto ndi moyo womwe.

7. Fufuzani mbiri yake ndi ndalama zonse

Ngati mukuyitanitsa ku Japan, pemphani pepala la ku okushoni. Giredi 4 kapena 4.5 ndi yabwino, chilembo R chikutanthauza kuti inachita ngozi n'kukonzedwa. Msonkho wa MRA umatengera kukula kwa injini ndi zaka za galimoto, choncho V6 ya 3.5 yakale ingathe kukudabwitsani pa chipata cha Songwe ngakhale munaigula motchipa. Werengeranitu zimenezi, pamodzi ndi inshuwalansi ndi COF. Ngati mukugula kwa munthu konkuno, kumbukirani madzi a namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023. Tukulani kapeti, suzumirani pansi pa mipando ndi m'malo a tayala lapadera. Mukapeza matope ouma kapena dzimbiri pa njanji za mipando, galimotoyo inamira, ndipo mawaya ake adzakuvutitsani mpaka kalekale.

Mukandifunsa ine, kwa munthu wokhala m'mbali mwa M1 wofuna kukoma kwa chiwongolero, ndingasankhe Toyota 86 yosasinthidwa kalikonse, ya giya yamanja. Wabanja, wofuna zitseko zinayi ndi masipeya osavuta, atenge Mark X ya 2.5. WRX STI ndi ya munthu amene ali kale ndi makaniko woidziwa, amene angathe kusintha oilo msanga kuposa mmene buku likunenera, ndiponso amene ali ndi galimoto ina yoyendera tsiku limene iyi yakwera pa jeke.