Khanda likangoti phee, fulumirani

Ndikafika pamene pali khanda lodwala, sindiyamba ndi kutsegula chikwama cha zipangizo. Ndimaliyang'ana kaye lili m'manja mwa mayi ake. Kodi maso akutsata nkhope? Likulira mwamphamvu, kapena likungobuula? Lolira mokweza limandipatsako mpata. Londithamangitsa ndi lija lalefuka, lakana bere, langoti phee.

Anzanga a mu ambulansi, mukatero vundukulani chifuwa muwerenge kapumidwe kwa mphindi yathunthu. Makanda amapuma modukizadukiza, ndiye mukawerenga masekondi 15 n'kuchulukitsa, mudzinamiza nokha. Khanda losakwana miyezi 2 likapuma ka 60 kapena kuposa pamphindi, kapena ka 50 ngati lili pakati pa miyezi 2 ndi 12, likupuma mothamanga. Onaninso ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati likamakoka mpweya.

Dinikizani chala pafupa la pachifuwa kwa masekondi 5. Mukachotsa chalacho, pakadutsa masekondi 3 khungu lisanabwerere mtundu wake, magazi sakuyenda bwino. BP isakupusitseni: thupi la mwana limaisunga bwinobwino mpaka zinthu zitafika poipa. Yezani shuga, gwirani liwombo, ndipo thupi likatentha kufika madigiri 37.5 kapena kuzizira kutsika madigiri 35.5, nchizindikiro choopsa.

Apa mpamene ndimakhalitsa. Funsani mayi: "Kodi mwanayu anachitidwa opaleshoni posachedwapa?" Ngati ndi choncho, masulani thewera muone mimba yonse ndi bala lomwe. Mimba yofufuma ndi yolimba, bala lofiira kapena lotuluka mafinya, matewera ouma tsiku lonse, zonsezi zingatanthauze kuti msoko wa m'matumbo ukudontha kapena tizilombo talowa m'magazi. Masanzi obiriwira ndimawatenga ngati matumbo atsekeka mpaka dokotala wa opaleshoni atanena zina. Ana ngati amenewa amatha kupulumuka akafika msanga, ndipo zimandiwawa ndikamva kuti wina anasiyidwa kunyumba chifukwa "amagona bwinobwino". Mayi akati mwana wawo sali m'mene amakhalira, akhulupirireni. Amamudziwa kuposa ife.

Panjira mufunditseni, mumpatse okosijeni, ndipo wosanza zobiriwira asamwe kanthu. Imbirani chipatala musanafike, muwauze tsiku la opaleshoni, mtundu wa masanzi, nthawi imene anayamwa komaliza ndi manambala onse amene mwapeza. Kalata imene anatuluka nayo m'chipatala isatsale.