Momwe mungayalire phunziro kuti ana asaiwale mawa lake

Aphunzitsi anzanga, tonse timalidziwa funso lija loti "Mwamva?" ndi yankho la kalasi yonse loti "Eee!" Kukacha mufunse zomwezo, ana ali duu. Kawirikawiri vuto silikhala mitu ya ana koma kayalidwe ka phunziro. Kale mu 1885, Hermann Ebbinghaus, katswiri wa za kaganizidwe ka anthu wa ku Germany, anaonetsa kuti chinthu chatsopano chimaiwalika msanga m'masiku oyambirira ngati sichibwerezedwa.

Choyamba, yambani ndi za dzulo, makope ali chitsekere. Mafunso atatu akwana, mphindi zisanu basi. Mwana akavutikira kukumbukira yekha, chinthucho chimakhazikika kuposa kungochiwerenganso pa bolodi.

Chachiwiri, bweretsani chatsopano chimodzi chokha, ndipo chikhale chogwirika. Tinene kuti mukuphunzitsa theka. Tengani nzimbe, monga timachitira pa TALULAR (kuphunzitsa pogwiritsa ntchito zinthu zopezeka m'dera lathu), muidule pakatikati ana akuona, uku mukunena mokweza zomwe mukuganiza: "Zidutswa ziwirizi n'zofanana, ndiye chilichonse ndi theka." Kenako dulani ina mokondera, china chachitali china chachifupi, mufunse ngati apanso pali theka. Apa m'pamene ine ndimachedwapo dala, chifukwa ana ambiri amayesa kuti theka ndi chidutswa chilichonse bola zikhale ziwiri. Akatsutsana okha n'kugwirizana, pamenepo ndiye lembani 1/2 pa bolodi.

Chachitatu, chitani nawo limodzi musanawasiye okha. Ndondomeko ya m'mabuku a National Reading Programme (pologalamu ya boma yophunzitsa ana kuwerenga), yoti ayambe mphunzitsi, kenako mphunzitsi ndi ophunzira, pomaliza ophunzira paokha, imagwiranso bwino pa masamu ndi sayansi. Nthawi ikatithera timalumpha gawo lapakatilo, pamene ndi lomwe limanyamula mwana wochedwa kumva.

Chachinayi, musadalire okweza manja. M'kalasi ya ana 100, aliyense alembe yankho papepala n'kulikweza m'mwamba, inu muponye maso mpaka mzere wa kumbuyo. Kenako awiriawiri afotokozerane chifukwa chake ayankha choncho. Ambiri akaphonya, musapitirire. Bwerezani ndi chitsanzo china, kaya papaya kaya pepala lopinda.

Pomaliza, lembani m'sikimu mwanu masiku obwerera ku mutuwo: pakatha masiku awiri, sabata yamawa, ndiponso mwezi ukatha. Muzisakaniza mafunso akale ndi atsopano kuyambira m'makalasi aang'ono, osadikira kuti ana afike Sitandade 8 mayeso a MANEB atayandikira.